Mkamwini ndi Makina a Mpweya

Kuyambira kale lomwe mmisiri wa zitsulo sagwira ntchito popanda mpweya. Asanafike Azungu m'dziko muno, Achewa adali ndi amisiri awo amene ankasungunula miyala ya chitsulo m'ng'anjo, nasula makasu, nkhwangwa ndi mivi pa chipala. Moto wa pa chipalapo ankaukoleza ndi mvukuto, thumba la chikopa cha mbuzi, ndipo kulira kwake kudali ngati kupuma kwa ng'ombe yotopa. Masiku ano mvukuto wasowa, ndipo m'malo mwake mwalowa makina opanikiza mpweya m'thanki, amene amisiri amawatcha kompresa. Makinawa ndi amphamvu koposa mvukuto, koma ali ndi chilema chimodzi: ambiri a iwo ndi aphokoso, ndipo eni ake amawaimika pakati pa nyumba za anthu.

Kufupi ndi msika wa Mitundu, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, kupitirira phiri la Bunda, kuli mmisiri wina amene makina otere adampalamulitsa mlandu. Kwawo kwenikweni ndi ku Nathenje, pa msewu waukulu wa M1 wopita ku Dedza, koma atakwatira adatsata mwambo wa Achewa, nakakhala chikamwini kwa mkazi wake. Eni mbumba adampatsa malo kuseri kwa nyumba, ndipo pamenepo adamanga chisakasa cha malata, nakokerapo magetsi. M'chisakasamo adaikamo makina owotcherera, makina oboolera, mwala wonolera woyendera magetsi, ndi makina akale osemera chitsulo. Alimi ankadza ndi ngolo zothyoka, eni zigayo ankadza ndi zitsulo zakutha, ndipo omanga nyumba ankaitanitsa mafelemu a zitseko ndi a mazenera.

Ntchito zotere zimafuna mpweya m'njira zitatu. Choyamba, chitsulo chikasemedwa chimasiya tizinyenyeswa takuthwa m'mabowo momwe chala sichingafike, ndipo mpweya ndiwo umatitulutsa. Chachiwiri, felemu lopakidwa penti ndi burashi silioneka bwino ngati lopoperedwa. Chachitatu, ngolo za masiku ano zimayenda pa matayala a galimoto, ndipo anyamata a kabaza sasiya kuboola matayala a njinga zawo zamoto. Tsono pamene mnzake wina ankanyamuka kunka ku Johannesburg kukafuna ntchito, nati, "Achimwene, mundisungireko kompresa yanga, muziigwiritsa ntchito kufikira nditabwera," mmisiriyo adailandira ndi manja awiri. Idali yaing'ono, yofiira, ya thanki ya malita 50, ndipo ikalira nkhuku zinkathawa pa bwalo.

Usiku wa Maliro

M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 kufikira malowo adakonzedwa m'chaka cha 2023. M'miyezi imeneyo magetsi ankazima maola ambiri, ndipo nthawi zina ankabwera anthu atagona.

Tsiku lina la m'nyengo ya masika chaka chomwecho, magetsi adazima m'mawa mmisiriyo ali pakati pa ntchito. Dzuwa litapendeka kudamveka mfuu ya akazi: nkhalamba ina ya m'mudzimo idatsikira kuli chete. Monga mwa mwambo, khasu ndi nyundo zonse zimagona pansi kufikira maliro ataikidwa, kotero mmisiriyo adatseka chisakasa chake, napita kukathandiza kutema nkhuni. Koma adaiwala chinthu chimodzi. Kompresa ili ndi kachipangizo kamene kamaidzutsa yokha mpweya ukachepa m'thanki, ndi kuigonekanso ukadzaza. Ndipo iye sadaizime pa khoma, pakuti kunalibe magetsi omukumbutsa. Paipi yake idali ndi kabowo, ndipo pofika madzulo thanki idaphwa.

Pakati pa usiku, akazi ali kuimba nyimbo za maliro m'nyumba ya siwa, amuna atazungulira moto panja, magetsi adabwera. Makina aja adadzuka nabangula, malata a chisakasa nawonjezera mkokomo wake. Nyimbo idadukira pakamwa. Agalu adauwa, makanda adalira, ndipo anthu ena adaimirira kuti athawe. Mmisiriyo adathamanga mumdima, napunthwa pa chitsa, nataya nthawi kufunafuna kiyi m'matumba, ndipo pamene ankafika pa chozimira thanki idali pafupi kudzaza. Adabwerera ku moto kuja atazolika, osatha kupenya munthu kumaso.

Pa Bwalo

Maliro ataikidwa, mfumu idamuitana. Mlandu wa usikuwo sudatalike, pakuti iye adavomera kulakwa, ndipo adalipira nkhuku. Koma anthu asanabalalike, amalume a mkazi wake, amene ndiwo mwini mbumba, adaomba m'manja napempha kulankhula.

"Akamwini," adatero, "ntchito yanu sitiikana. Ngolo yanga yomwe mudaikonza ndinu. Koma za usiku uja zangotitsekula pakamwa, chifukwa nkhaniyi ndi yakale. Apongozi anu, mlongo wangayu, nyumba yawo yapenyana ndi chisakasa chanu. Mutu umawapweteka, ndipo masana amathawira ku dimba ngakhale kulibe cholima. Iwo sangakuuzeni, pakuti mpongozi salankhula zotere ndi mkamwini. Mwana wanu yemwe, amene ali mu Sitandade 8, amakawerengera kwa anzake. Tsono sankhani: kapena chilombo chanucho chikhale chete, kapena mukapeze malo ku msika."

Mmisiriyo adayankha kuti, "Zikomo, amalume, ndamva. Mundipatse mwezi umodzi."

Usiku umenewo tulo tidamsowa. Ku msika kukadafunika ndalama za lendi mwezi ndi mwezi, ndi mlonda wa usiku, ndipo phindu lake lonse likadathera pomwepo. Kukana sakadatha, pakuti akulu adati mkamwini asamakule mwendo. Koma chimene chidamlasa mtima koposa ndi ichi, chakuti mayi wokalamba amene adamlandira ngati mwana, nampatsa malo, adapirira miyezi yonseyo osatulutsa mawu.

Ulendo wa ku Nathenje

Adaganiza zokafunsa nzeru kwa mkulu amene adamphunzitsa umisiri ku Nathenje. Mkuluyo paunyamata wake adagwira ntchito m'chigayo zaka zambiri, pambuyo pake natsegula malo ake okonzera zitsulo. Mmisiriyo adampeza atakhala pa khonde, naodira katatu, koma mkuluyo sadatembenuke kufikira mthunzi wa mlendo udagwa pa mapazi ake.

"Sendera kuno, mwana wanga, ulankhulire mbali iyi," adatero, akuloza khutu la kumanja. "Linali lidafa kale. Ili latsalali limalira ngati nyenje usana ndi usiku."

Mmisiriyo adafotokoza nkhani yake mofuula, ndipo mkuluyo adaseka pang'ono, nati, "Apongozi akowo akuchitira chifundo. Iwo ali kumva phokosolo ali chapatali. Nanga iwe amene umaima nalo pamodzi? Ine ndinkati makutu anga azolowera chigayo, osadziwa kuti kuzolowerako ndiko kufa kwake. Lero adzukulu anga amandilankhula ndi manja, ndipo ku tchalitchi ndimangoona milomo ya mlaliki."

Zimene mkuluyo adazidziwa ndi thupi lake, madokotala amazidziwa ndi maphunziro. M'kati mwa khutu muli tizinthu tating'onoting'ono tonga ubweya, timene timalandira kugwedezeka kwa mpweya ndi kutumiza uthenga ku ubongo. Phokoso lalikulu la tsiku ndi tsiku limatipha pang'onopang'ono popanda ululu, ndipo tikafa sitiphukanso. Kukula kwa phokoso amakuyesa ndi muyeso wotchedwa desibelo. Anthu awiri ocheza amafika pa madesibelo 60. M'maiko ambiri malire a pa ntchito ndi madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo pa muyeso umenewu kuwonjezera madesibelo 3 okha ndiko kuwirikiza kawiri mphamvu ya phokoso, kotero nthawi yoti munthu akhalepo imadulidwa pakati. Wopanda choyesera angadziwe chotere: ngati afunika kufuula kuti mnzake woima patali ngati kutalika kwa mkono amve, ndiye kuti malowo ali kudya makutu.

Pambuyo pake mkuluyo adamtengera kuseri, namuonetsa kompresa yake yakale, ya gudumu lalikulu ndi lamba. Ataiyatsa, idayamba kugunda mwa apo ndi apo ngati akazi awiri osinja mu mtondo umodzi. "Iyi ndidaigula iwe usanamere ndevu," adatero. "Yako ija imathamanga ngati yaba. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika."

Mitundu Itatu

Pobwerera kwawo adakambirana ndi mlamu wake, mnyamata wophunzira za makina a ulimi ku sukulu ya ukachenjede ya Bunda, amene adamasulira mawu a mkulu uja ndi manambala. Makompresa amene mmisiri wa pa nyumba angagule ali m'mitundu itatu, ndipo chosiyanitsa chachikulu ndi liwiro.

Mtundu woyamba ndi wonga wofiira uja, umene mota yake idalumikizidwa mwachindunji ku mpope. Pa magetsi a m'Malawi, mota yotere imazungulira pafupifupi ka 2,850 pa mphindi imodzi, ndiko kuti pisitoni imakwera ndi kutsika pafupifupi ka 48 pa sekondi. Ndi wotsika mtengo ndi wopepuka kunyamula, koma umatentha msanga, umatha msanga, ndipo phokoso lake kawirikawiri limapitirira madesibelo 90.

Mtundu wachiwiri ndi wa lamba. Mota ili ndi kagudumu kakang'ono, mpope uli ndi gudumu lalikulu, ndipo lamba akalumikiza awiriwo mpope umayenda pang'onopang'ono, pafupifupi ka 1,000 pa mphindi. Pisitoni zake ndi zazikulu, zimasambira mu oyilo, ndipo kulira kwake ndi kwa pansi, kosaboola khutu, ngakhale sikuli kwa chete. Ndi wolemera ndi wokwera mtengo, koma lamba, oyilo ndi maring'i ake amapezeka, ndipo makaniko aliyense wodziwa injini angathe kuukonza.

Mtundu wachitatu ndi watsopano, wopanda oyilo, umene amalonda amautcha wachete. Mota yake imazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi, ndipo phokoso lake limakhala pakati pa madesibelo 60 ndi 70, kotero anthu amatha kucheza ataima pambali pake. Koma waung'ono wa mtundu umenewu umatulutsa mpweya wochepa, kawirikawiri wosafika malita 100 pa mphindi. Ndipo popeza mulibe oyilo, pisitoni yake imadalira kachikopa ka pulasitiki kamene fumbi la chitsulo limakaperesa, ndipo kakatha sikapezeka pa msika wa kumudzi.

Mlamuyo adamchenjezanso za manambala olembedwa pa makina. Zilembo za HP zimanena za njala ya mota, osati za kuchuluka kwa mpweya: mota ya 2 HP imadya pafupifupi mawati 1,500, ndiko kuti yuniti imodzi ndi theka pa ola. Kukula kwa thanki nako kumanamiza, pakuti thanki ili ngati nkhokwe, ndipo mpope uli ngati munda. Nkhokwe yaikulu sidyetsa banja ngati munda uli waung'ono. Nambala yofunika ndi ya malita a mpweya pa mphindi imodzi, ndiponso munthu afunse ngati ndi mpweya wolowa kapena wotuluka, pakuti wotuluka umachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kusankha

Madzulo ena adakhala pa mphasa, mmisiriyo, mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi uja, ndipo mwanayo adatenga kope lake la masamu. Adayamba ndi ntchito. Kuuzira zinyenyeswa ndi kupopa matayala kumafuna mpweya wa kanthawi, ndipo makina achete akadakwanitsa. Koma chopopera penti chimafuna mpweya wosadukiza, malita oposa 100 pa mphindi, ndipo zina zimafuna oposa 200. Ndipo mafelemu ndiwo ankabweretsa ndalama zambiri pa nyumbapo. Makina achete aang'ono akadamsiya pakati pa felemu ali kudikira thanki, ndipo aakulu a mtundu womwewo mtengo wake sakadaufika, makamaka popeza m'mwezi wa Meyi chaka chimenecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, katundu wochokera kunja nakwera.

Kenaka adawerengera mtunda. Mlamu uja adawauza kuti pa bwalo poyera, mtunda ukawirikiza kawiri, phokoso limatsika ndi madesibelo 6. Mwanayo adayesa ndi chingwe, napeza kuti kuchokera pa chisakasa kufika pa khomo la agogo ake pali mamita 16. Adalemba chotere: makina olira 95 pa mita imodzi, pa mamita 2 ndi 89, pa mamita 4 ndi 83, pa mamita 8 ndi 77, pa mamita 16 ndi 71. Nambala imeneyo iposa kucheza kwa anthu, ndiye chifukwa chake agogo ankathawira ku dimba. Koma makina olira 80 akadafika pa khomopo ali 56, ndipo khoma la njerwa likadachotsaponso zina.

Mkazi wake adati, "Abambo, ndalama za soya zija tinkati tigulire malata a khitchini. Tengani. Khitchini idzadikira, koma mayi anga sangadikire."

Adapita ku tauni, nayenda m'masitolo a zipangizo a ku Malangalanga. Wogulitsa wina adamsonyeza yonyezimira, nati, "Bwana, tengani iyi, HP yake ndi yambiri ndipo mtengo ndi wabwino." Mmisiriyo adakumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo paliponse adapempha chinthu chimodzi, kuti makinawo awayatse iye ali pomwepo. Okana adawasiya. Ovomera, ankaima pafupi ndi makinawo nalankhula ndi mlamu wake ndi mawu a masiku onse, mlamuyo ali kuyang'ana choyesera phokoso cha pa foni yake. Potsiriza adagula kompresa ya lamba, ya 2 HP, ya thanki ya malita 100, atafunsa kaye kumene angapeze lamba wina ndi sefa ya mpweya.

Kanyumba ka Makina

Kugula kudali theka la ntchito. Kuseri kwa chisakasa, mbali yopenya ku munda, adamanga kanyumba ka njerwa zootcha. Sadakatseke ponseponse, pakuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo makina otsekeredwa amapsa. Adasiya mabowo pansi ndi pamwamba, onse openya ku mundako. Pansi pa miyendo ya makina adaika zidutswa za tayala lakutha, kuti kunjenjemera kusalowe mu simenti ndi m'malata. Mpweya adaulowetsa m'chisakasa ndi paipi yopyola khoma. Magetsi adaitana wodziwa kuti akoke waya wonenepa, pakuti mota podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa poyenda, ndipo waya wautali wowonda umaifoola kufikira ipse. Kanyumbako kadathandizanso kuti makina azipuma mpweya wopanda fumbi la mwala wonolera.

Adadziikiranso malamulo. Madzulo alionse amazima makina pa khoma, ngakhale magetsi kulibe. Amatsekula kachibowo ka pansi pa thanki kuti madzi atuluke, pakuti mpweya uli ndi chinyontho chimene chimasanduka madzi m'thankimo, nichiyambitsa dzimbiri losaoneka kunja. Thanki imasunga mpweya wa 8 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limasunga 2 kapena 2.5, ndipo yodyeka ndi dzimbiri ikaphulika imapha munthu. Chifukwa chake valavu yotetezera saimanga ndi waya monga achitira ena. Anyamata ophunzira ntchito amawaletsa kudzipemerera fumbi pa thupi ndi paipi ya mpweya. Ponola chitsulo amavala zotseka makutu, pakuti adazindikira kuti kompresa siidali yokha yomudya. Ndipo sayatsa makina alionse dzuwa lisanakwere, kapena litalowa, kapena m'mudzi mukagwa maliro. Yofiira ija adaikhuthula mpweya, naiphimba ndi chiguduli kudikira mwini wake.

Mwezi uja utatha, amalume sadabwere kudzafunsa. Koma tsiku lina masana, mmisiriyo ali kupopera penti pa mafelemu, mwana wake adafika ndi mbale ya mtedza wokazinga, nagwada, nati, "Ababa, agogo akuti ndikupatseni. Akutinso pepani ngati mawu a pa bwalo aja adakupwetekani, sankafuna kuti mugulitse makina anu mpaka kusowa chogwirira ntchito."

Mmisiriyo adaika chopopera pansi, natchera khutu. Kuseri kwa khoma kunkamveka kugunda kwa pansipansi, ndipo kupitirira apo ankamva nkhunda zili kulira pa denga la apongozi ake.

"Ukawauze agogo ako kuti ndathokoza," adatero, "ndiponso kuti makinawo ali kugwira ntchito tsopano lino."

Makina amagulidwa ndi munthu mmodzi, koma amamvedwa ndi mudzi wonse, ndipo mtengo wake wina amalipira ndi anthu amene sadapite ku sitolo. Chotero mmisiri wanzeru, asanafunse za HP, ayambe wawerenga mpweya umene ntchito yake ifuna, ayese mtunda wofika pa khomo la mnansi wake, ndipo akumbukire mkulu wa ku Nathenje uja, amene amakhala pa khonde osamva mlendo ali kuodira.